Ndimawerenga, a Dafuleni

Oyandikana nafe amadandaula za mkonono wanu.
Ine mkononowo sundivuta.
Chimandivuta ndi pamene wasiya.

Mumalira ngati chigayo cha ku Nthukwa,
malata n'kumanjenjemera,
kenaka zii,
ngati magetsi azima m'chifuwa mwanu.
Apo ndimayamba kuwerenga.
Dzulo ndinafika makumi atatu,
galu wa a Makwinja anauwa mpaka kutopa
inu musanakoke mpweya.
Nditakugwedezani phewa
munavuuka ngati munthu womira mu Mudi nthawi ya dzinja,
kukamwa yasa, kufuna kumeza chipinda chonse,
n'kundifunsa, "Watani kodi iwe?"
Sindinatani. Gonani.

M'mawa mutu ukuwawa,
kukhosi kouma gwa,
mukuti bulangete linalemera.
Ine ndikuyang'ana milomo yanu
yotuwa ngati phulusa la pambaula,
zikhadabo zada ngati nthudza.
Tiyi akuzizira m'kapu
inu mukusinza, nsapato imodzi kuphazi.

Chitunda chathu cha ku Chilomoni chino
munkachikwera ndi thumba la makala paphewa
uku mukundisimbira za mpira.
Lero mumaima pampopi,
mumaima paokala,
mumaimanso pamtengo wa mapeyala
ngati mukuona ngati abereka.
Mapeyala mu Julayi, a Dafuleni?
Mumati ndi fumbi.
Mumati ndi kunenepa kwa munthu wosamalidwa bwino,
n'kundimenya kachigongono kuti ndiseke.

Lachiwiri kondakitala wanu Jafali anabwera yekha,
chipewa m'manja.
Akuti munagona pamzere wa magalimoto pa Chichiri,
phazi pabuleki,
anthu khumi ndi asanu kumbuyo kwanu,
wina ali ndi khanda kumsana,
mahutala akulira mpaka ku sitediyamu.
"Mayi, musanene kuti ndine ndanena."
Ndinanena, Jafali. Undikhululukire.

Ku Gulupu tinafika kusanache
n'kupeza benchi itadzaza kale.
Namwino anakupanani chala
ndi kanthu konga chopanira zovala pachingwe,
kali ndi diso lofiira.
Anayang'ana nambala, anayang'ana inu,
n'kusiya nkhani imene ankakamba ndi mnzake.
Adokotala anakufunsani mmene mumagonera,
inu mwati, "Bwinobwino, ngati mwala."
Ndiye anatembenukira kwa ine.
Ndinatulutsa kope lakale la masamu la Tadala,
kumapeto kwake kumene ndimalemba ndi pensulo ya m'nsidze:
Lolemba, makumi awiri.
Lachitatu, anadzuka akutsamwa kanayi.
Loweruka, atamwa, ndinasiya kuwerenga n'kuyamba kupemphera.
Anawerenga tsamba lonse osathamanga.
Inu munayang'ana pansi.
Zaka makumi awiri ndi zitatu tili pa mphasa imodzi,
simunadziwe kuti mkazi wanu ndi mlonda.

Anati mubwerenso akakuyezeni mtima ndi mapapo,
anati chiwongolero muyambe mwachisiya,
mowa wa madzulo nawonso,
ndipo musamagone chagada.
Za makina othandiza kupuma usiku anazitchula motsitsa mawu,
monga mmene munthu amatchulira mtengo wa nyumba ku Namiwawa.

Ndasokera kathumba kumsana kwa vesiti yanu
n'kuikamo chitsononkho.
Mukati mugudubukire chagada chimakubayani,
mumang'ung'udza, n'kubwerera chammbali,
nkhope kwa ine,
mpweya wanu ukundiomba pamphumi.
Unkandinyansa kale mpweya umenewu.

Makiyi a minibasi ali ndi mwini wake tsopano.
Lendi ya mwezi uno sindikudziwa.
Mawa ndikagulitsa mandasi pageti la sukulu
maso ali psuu, ana n'kumandibera chenji.

Koma lero mwangofika pa zisanu ndi ziwiri
n'kupumanso nokha, osagwedezedwa.
Ndalemba.
Phiri la Michiru layamba kuoneka pazenera,
wina akutsuka ndowa pampopi,
ndipo chigayo chathu chikulira.
Lirani, bambo.
A Makwinja akadandaula ndikawayankha ndine.